Mukadzibaya ndi singano yomwe yabaya wodwala

Musadikire kuti mumalize kaye ntchito, chifukwa ola lililonse likamapita mankhwala oteteza amacheperachepera mphamvu.

1. Tsukani pabalapo ndi sopo pa madzi oyenda. Musafinye, musayamwe, ndipo musathirepo kulorini chifukwa amawotcha mnofu. Ngati magazi akuthovukirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri maso ali chitsegulire.

2. Uzani woyang'anira wanu nthawi yomweyo, ngoziyo ilembedwe.

3. Yezetsani HIV komanso matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B ndi hepatitis C. Wodwalayo ayezedwenso akavomera.

4. Ngati wodwalayo ali ndi HIV kapena sizikudziwika, yambani kumwa PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, osadikira zotsatira zake. Malire oyambira ndi maola 72 kuchokera pamene mwadzibaya, koma kuyamba m'maola oyambirira n'kofunika kwambiri. Imwani masiku 28 osadumphitsa. Mseru ukakuvutani, funsani dokotala, musasiye nokha. Dzayezetseninso pakatha miyezi itatu.

5. Ngati simunabayitse katemera wa hepatitis B, yambani lero lomwe. Kachilomboka kamapatsirana pa singano mosavuta kuposa HIV, komabe ambiri amakaiwala.

Ngozi zambiri zimachitika povindikiranso singano ndi manja awiri. Iponyeni m'bokosi la singano osaivindikira, ndipo bokosilo lisinthidwe likadzaza magawo atatu mwa anayi.