Muli ndi amitriptyline m'nyumba? Phunzirani kuwerenga kapumidwe

Abale, timapilisi ta amitriptyline tija ta 25mg tili m'nyumba zambiri muno mu Chipata, ena anapatsidwa chifukwa cha matenda a kukhumudwa, ena ndi amayi athu aja mapazi amawayaka moto usiku chifukwa cha shuga. Ali gulu limodzi ndi imipramine ndi clomipramine, madokotala amati ma tricyclic. Amathandiza ndithu, ambuya anga anayamba kupeza tulo chifukwa cha iwowa. Koma akachuluka m'thupi amasokoneza kagundidwe ka mtima, BP imatsika, ena amagwa ngati akhunyu, asidi amachuluka m'magazi ndiye thupi limayamba kupuma mwabefu pofuna kumuchepetsa. Kuphatikiza ndi mankhwala a ululu aja a tramadol nakonso kutha kubweretsa befu, thukuta ndi kunjenjemera.

Mukamukayikira munthu kuti wamwa ochuluka, tengani foni muyang'ane nthawi, maso pachifuwa, kukwera ndi kutsika ndi kamodzi. Werengani miniti yathunthu osati theka, ndipo musamuuze chifukwa akadziwa amasintha kapumidwe. Wamkulu atakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20. Mwana wa chaka chimodzi mpaka 5 akafika 40 ndiye kuti zavuta. Onaninso ngati kukamwa kwauma gwa, thupi latentha, akusinza kapena akulankhula zosokonekera.

Apa ndipamene ndikupempha ndi mtima wonse, musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena makala a pa mbaula. Ngakhale soda wophikira therere ayi, inde kuchipatala amapereka soda wotchedwa sodium bicarbonate koma ndi wa mu dripu, akuyang'ana kagundidwe ka mtima pa makina a ECG. Akamasinza mugonekeni chammbali, pezani galimoto osati njinga, molunjika ku Chipata Central Hospital, a ku Katete pitani ku St Francis. Paketi inyamuleni ngakhale ili yopanda kanthu, muwauze anesi dzina la mankhwala, angati akusowa, wamwa nthawi yanji. Ngati anamwa dala nenani basi osachita manyazi, akufunika thandizo la zimenezonso.

Ndipo befu likatsika munthu n'kumapuma pang'onopang'ono musati wachira, mankhwalawa amafooketsanso kupuma. Mwana amene wameza, olo akuseweraseweratu, mutengeni pompo, nthawi zambiri amamuyang'anira maola 6 kapena kuposa. Inu amene mumamwa tsiku ndi tsiku musasiye mwadzidzidzi musanaonane ndi adokotala, koma paketi ichoke pansi pa pilo ilowe m'sutikesi yokiya.