Mpingo wa mitundu yosiyana: yambirani pa utsogoleri

Anthu osiyana khungu kapena chilankhulo akakhala pa benchi limodzi Lamulungu, sindiye kuti ayanjana. Michael Emerson, wofufuza za mipingo ku America, amati mpingo ndi wosakanikirana ngati mtundu waukulu sukuposa anthu 80 pa 100 alionse. Koma chiwerengerocho n'poyambira chabe.

Choyamba onani amene agwira mphamvu. Lembani mayina a abusa, akulu a mpingo, mlembi, msungichuma, osayinira kubanki ndi osankha nyimbo. Onse akakhala a mtundu umodzi, enawo ndi alendo, ngakhale anabatizidwira pomwepo. Pa Machitidwe 6, akazi amasiye olankhula Chigiriki atayamba kudumphidwa pogawa chakudya, atumwi sanauze odandaula kuti apirire. Panasankhidwa amuna 7, onse a mayina a Chigiriki, ndipo ntchito yogawayo anaipereka m'manja mwawo. Apa ambiri amalakwitsa poika munthu mmodzi yekha mu komiti ngati chokongoletsera. Akatsutsa amakhala yekha, posakhalitsa amangokhala chete. Ikani awiri kapena atatu, okhala ndi voti komanso mawu pa za ndalama.

Womasulira amawirikiza nthawi: ulaliki wa mphindi 20 umafika pafupifupi 40. Mlaliki afupikitse, alankhule ziganizo zazifupi, ndipo mavesi ndi mfundo azipereka kwa womasulira pofika Lachisanu. Muzisinthana chilankhulo cholalikira, kuti asamakhale omwewo omvera kudzera mwa womasulira. Nyimbo ya mtundu wina aitsogolere eni ake.

Chiyanjano chenicheni chimamera m'timagulu ta anthu 8 mpaka 12 tokumana m'makomo mosinthana, kwa olemera ndi kwa osauka komwe. Mu 1954 Gordon Allport, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, anafotokoza kuti kukumana kumachepetsa tsankho ngati okumanawo ali pa mlingo wofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akugwirira ntchito pamodzi, ndipo atsogoleri akuvomereza. Choncho gulu lipatseni otsogolera awiri osiyana mtundu ndi ntchito yooneka, monga kuyendera odwala. Aliyense anene zimene zinamuchitikira yekha, wina asasandutsidwe mneneri wa mtundu wake wonse.

Zakale musazikwirire. Ku South Africa, sinodi ya Dutch Reformed Church inalola mu 1857 kuti azungu ndi anthu ena azipembedza padera, ati "chifukwa cha kufooka kwa ena", ndipo mpatuko umenewo unakhazikika kwa zaka zoposa 100. Chivomerezo cha Belhar, chikalata cha chikhulupiriro chimene mpingo wina wa anthu osakhala azungu a kumeneko unalandira mu 1986, chinamanga pamodzi umodzi, chiyanjano ndi chilungamo. Ndiye popepesa tchulani chimene chinachitika, liti, ndiponso kwa yani. Olakwiridwa musawaumirize kukhululuka tsiku lomwelo. Kenako konzani zooneka: malipiro ofanana kwa abusa a ntchito yofanana, ndi mayina a mbali zonse pa zikalata za malo ndi nyumba za mpingo.

Ena adzachoka ndithu, ndipo chopereka chingatsike. Miyezi 6 iliyonse onani amene asiya kubwera, ndipo wokawafunsa chifukwa akhale munthu amene angamasuke naye.