Momwe mungasinthire Duration kukhala Period mu Java popanda kulakwitsa masiku

Anthu amene amalemba mapulogalamu kuno m'chigawo cha Tete amakumana ndi ntchito iyi kawirikawiri. Tiyerekeze kuti pulogalamu ikuwerenga nthawi imene matumba a chimanga akhala m'nyumba yosungiramo katundu ku Ulónguè, ndipo mwini nyumbayo amalipiritsa pamwezi. Kompyuta imasunga masekondi, pomwe mlimi wobwera kudzatenga katundu wake amafuna kumva kuti wapita mwezi umodzi ndi masiku angati.

Kuyambira mu Java 8, yomwe inatuluka mu 2014, java.time, gawo la Java loona za nthawi ndi masiku, imasiyanitsa zinthu ziwirizi. Duration imasunga masekondi ndi tizigawo ta sekondi basi, pomwe Period imasunga zaka, miyezi ndi masiku a pakalendala. Palibe lamulo limodzi losinthira Duration kukhala Period, ndipo anachita zimenezi dala, chifukwa mwezi ulibe utali wokhazikika: Febuluwale amakhala ndi masiku 28 kapena 29, miyezi ina 30 kapena 31.

Choyamba, tulutsani masiku athunthu. Ngati Duration yanu, yomwe tiitchule kuti nthawi, ili masekondi 3,600,000, omwe ndi maola 1,000, lembani long masiku = nthawi.toDays(). Lamuloli limagawa masekondi ndi 86,400 n'kutaya zotsalira, choncho mupeza masiku 41.

Chachiwiri, zotsalirazo musazisiye. Period ilibe malo a maola, motero maola 16 otsalawo asungeni padera polemba Duration otsala = nthawi.minusDays(masiku). Ngati mumalipiritsa tsiku lonse pa tsiku lililonse loyambika, ganizo lowonjezera tsiku limodzi lichitike pano, poyera, osati mobisika pakati pa masamu ena.

Ngati mukungofuna masiku okha, Period.ofDays(Math.toIntExact(masiku)) ikukwanirani. Math.toIntExact ndi yabwino kuposa kungokakamiza long (mtundu wosunga nambala zazikulu) kukhala int (wosunga zocheperapo), chifukwa nambala ikakula mopyola malire imaimitsa pulogalamu m'malo mopereka yankho lolakwika mwakachetechete.

Chachitatu ndiye chimene ambiri amaphonya. Ena amaganiza kuti normalized(), lamulo la mu Period, isandutsa masiku 41 kukhala mwezi ndi masiku, koma sitero. Imangosandutsa miyezi 12 kukhala chaka, masiku osawakhudza. Kuti mupeze miyezi mufunika tsiku loyambira, lomwe tilitchule kuti chiyambi. Lembani LocalDate mapeto = chiyambi.plusDays(masiku), kenako Period.between(chiyambi, mapeto). Onani mmene yankho limasinthira ngakhale masiku ali omwewo 41. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2023 mufika pa 14 Malichi, womwe ndi mwezi umodzi ndi masiku 13. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024, chaka chimene Febuluwale anali ndi masiku 29, mufika pa 13 Malichi, mwezi umodzi ndi masiku 12. Kuyambira pa 1 Malichi mufika pa 11 Epulo, mwezi umodzi ndi masiku 10. Amene amangogawa masiku ndi 30 amapeza mwezi umodzi ndi masiku 11 paliponse, ndipo pa zitsanzo zitatuzi sangalondole ngakhale chimodzi.

Chachinayi, onetsetsani dera la nthawi. Ife tili ndi mwayi, chifukwa Mozambique, monganso Malawi, imakhala patsogolo pa UTC (nthawi imene dziko lonse lapansi limayerekezera mawotchi ake) ndi maola awiri chaka chonse, ndipo tsiku lililonse ndi la maola 24. Koma pulogalamu yanu ikamagwiranso ntchito ndi nthawi ya ku Lisbon ku Portugal, komwe amasuntha mawotchi pa Lamlungu lomaliza la Malichi ndi la Okutobala, mukumana ndi tsiku la maola 23 ndi lina la maola 25. Pamenepo gwiritsani ntchito ZonedDateTime (yosunga tsiku, ola ndi dera la nthawi) yokhala ndi dera loyenera, wonjezerani Duration yonse ndi plus(), ndipo mukatero mutenge tsiku ndi toLocalDate(). Seva zambiri zapaintaneti zimayendera UTC, choncho lembani dzina la dera Africa/Maputo mwachindunji. Mukapanda kutero, katundu wolowa pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku adzalembedwa ngati walowa dzulo lake.