Kudziwa zaka za nyumba yakale yogona alendo: yambirani kudenga

Mukafuna kudziwa mbiri ya nyumba ngati George Inn, ya m'mudzi wa Norton St Philip ku Somerset, England, musathamangire chikwangwani chapakhomo. Zoti Duke wa Monmouth, yemwe anaukira mfumu ya England, anagona mmenemo mu 1685 n'zoona, koma sizikuuzani khoma lomwe linayamba kumangidwa. Kumaso kwa nyumba zoterezi n'kumene eni ake ankasinthasintha pokopa alendo, choncho kumanamiza.

Tengani tochi ndi tepi yoyezera, mukwere kudenga. Ngati mitanda yadetsedwa ndi mwaye, ndiye kuti kale moto unkasonkhedwa pakati pa chipinda, chumuni chisanabwere. Unikani pamene matabwa alumikizana. Akalipentala ankayamba alumikiza denga pansi, n'kulemba manambala achiroma ndi tchizulo, kenako n'kulikweza. Manambala akamayenda I, II, III, IIII, n'kudumphira ku IX, pamenepo pali mtengo wobwera pambuyo kapena wochotsedwa m'nyumba ina. Bowo losema lopanda cholowamo limanenanso zomwezo.

Chaka chenicheni chimapezeka poboola mtanda wa mtengo wa oak n'kuwerenga mizere ya kakulidwe kake. Pamafunika mizere 50 kapena kuposerapo, komanso mbali yakufupi ndi khungwa ikhalepo. Ngati inasemedwa, mungodziwa kuti mtengowo unadulidwa chaka chakutichakuti chitadutsa. Amisiri ankamangira oak akadali wauwisi, ndiye chaka chodulira sichitalikirana ndi chomangira. Koma boolani mitanda ingapo, chifukwa umodzi wobwereka ungakusocheretseni ndi zaka 200.

Mukatsika, zungulirani kuseri. Mzere wowongoka wochoka pansi mpaka pamwamba, pomwe miyala sinalumane, ndi malire a chigawo chowonjezera. Pa George Inn kusiyanako kuli poyera: pansi ndi pamiyala, nsanjika ziwiri zam'mwamba kumaso n'zamatabwa ndipo zinatulukira kumsewu, pomwe m'bwalo lam'kati muli khonde lam'mwamba ndi kansanja ka masitepe. Nyumbayi inakula ndi malonda a ubweya ndi nsalu, m'nthawi ya amonke a ku Hinton Priory.

Windo lotsekedwa ndi khoma anthu amafulumira kuliloza ku msonkho wa mawindo wa ku England wa 1696 mpaka 1851, poganiza kuti eni ake ankauzemba. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chapafupi: anangogawa chipinda, khoma latsopano n'kugwera pawindopo.

Musapale pulasitala pofuna kuona zam'kati. George Inn ili pa Grade I, gulu lapamwamba la nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo, ndipo kugumula kalikonse popanda chilolezo ndi mlandu. Mukapeza simenti yolimba yotuwa pakati pa miyala, imeneyo n'njaposachedwa. Akale ankamangira laimu, amene amalola chinyontho kutuluka, pomwe simenti imachitsekera m'kati mpaka mwala kuyamba kufumbutuka.