Dokotala Akanena Kuti Ubongo Wayamba Kufooka Pang'ono, Muyambire Pati?

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi vuto la kuiwalaiwala limene madokotala amalitchula mild cognitive impairment, kapena MCI mwachidule, funso lake loyamba limakhala la mankhwala. Ndizimwa chiyani? Ana ndi adzukulu amafunsanso chimodzimodzi. Kunena zoona, piritsi lochiza vutoli kulibe. Koma zochita zilipo zambiri, ndipo zina n'zofunika kuziyamba sabata yomweyo.

Choyamba timvetse zimene dokotala wapeza. Munthu wa MCI amaiwala kapena kusokonezeka kuposa anzake a msinkhu wake, ndipo mafunso oyezera ubongo amatsimikiza zimenezo, komabe amatha kudzisamalira. Amasamba yekha, amaphika, amayenda ulendo n'kubwerako, amawerengera ndalama zake, ngakhale zina zimamutengera nthawi. Akafika polephera zimenezi popanda womuthandiza, ndiye kuti matenda afika pa dementia. Malire amenewa anawalongosola bwino Ronald Petersen ndi anzake a ku Mayo Clinic ku America mu 1999. Mwa anthu opezeka ndi MCI m'zipatala za akatswiri, pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse amafika pa dementia chaka chilichonse. Ena amakhala momwemo zaka zambiri osaipiraipira. Ena amabwerera mwakale.

Obwerera mwakalewa ndiwo atiphunzitse poyambira, chifukwa kawirikawiri chimene chinkawasokoneza chimakhala chinthu chochizika. Ntchito yoyamba ndi kufufuza. Pemphani ayeze magazi kuti aone kuchuluka kwa vitamini B12. Ikachepa, munthu amaiwala, amatopa msanga, amamva dzanzi kumapazi, ndipo jakisoni kapena mapiritsi a vitaminiyo amathandiza. Odwala shuga amene amwa metformin kwa zaka zambiri asaphonye kuyezetsa kumeneku, poti mankhwalawa amachepetsa B12 m'thupi. Ayezenso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mofooka maganizo nawonso amachedwa. HIV ndi chindoko zimafikanso ku ubongo, koma achikulire ambiri sayezedwa matendawa poganiza kuti msinkhu wawo unapitirira. Palibe chochititsa manyazi kupempha.

Matenda a kukhumudwa amanamiza kwambiri. Bambo amene aferedwa akazi awo, kapena mayi amene apuma pa ntchito n'kumangokhala okha tsiku lonse, amaoneka ngati akuiwala pamene mawuwo sanalowe n'komwe, mtima uli kwina. Uzani dokotala ngati munthuyo wasiya kusangalala ndi zimene ankazikonda, sakudya bwino kapena akudzuka pakati pa usiku osagonanso. Kukhumudwa kuli ndi chithandizo, cha uphungu komanso cha mankhwala. Tulo natonso tifufuzidwe. Pali anthu oliza mkonono kwambiri amene amabanika ali m'tulo, mpweya n'kuima kwa kanthawi kambirimbiri usiku umodzi, ndipo m'mawa amadzuka mutu ukuwawa, masana n'kumangoodzera. Mwiniwake sadziwa. Wogona naye chipinda chimodzi ndiye angafotokozere dokotala.

Langizo limene ndimalibwereza koposa ndi ili: sonkhanitsani mankhwala onse amene munthuyo akumwa, olembedwa ndi dokotala, ogula yekha, azitsamba ndi mavitamini omwe, muwaike m'thumba limodzi n'kupita nawo kuchipatala. Mankhwala ena odziwika bwino amachititsa ubongo wa wachikulire kulemera. Ena mwa iwo ndi diazepam ndi anzake ogonetsa, amitriptyline, chlorpheniramine ndi promethazine amene anthu amamwa pa chimfine ndi ziwengo, komanso oxybutynin wa vuto la chikhodzodzo. Munthu angakhale akumwa atatu mwa amenewa olembedwa ndi madokotala osiyana, popanda mmodzi amene anawaona onse pamodzi. Koma chonde musawasiye nokha. Kusiya diazepam mwadzidzidzi mutamwa nthawi yaitali kungachititse munthu kukomoka ndi kugwedezeka thupi, choncho dokotala ndiye achepetse pang'onopang'ono. Za mowa nenaninso zoona zake, kuchuluka kwake ndi masiku ake.

Nanga mapiritsi a ubongo amene anthu amamva kuti alipo? Donepezil amaperekedwa kwa odwala Alzheimer (matenda owononga ubongo pang'onopang'ono) amene afika kale pa dementia. Anamuyesa pa anthu 769 a MCI m'kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005, pamodzi ndi vitamini E. Patatha zaka zitatu, omwa donepezil anafika pa dementia mofanana ndi amene sanamwe, ndipo vitamini E sanathandize n'komwe. Pamwamba pa izo donepezil amabweretsa nseru, kutsegula m'mimba, maloto oipa, ndipo kwa ena amachedwetsa kugunda kwa mtima. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la American Academy of Neurology a 2018 anati palibe umboni wokwanira woti mankhwala otere amathandiza pa MCI. Ginkgo biloba, mankhwala azitsamba amene amagulitsidwa kwambiri ngati chothandiza kukumbukira, anayesedwa pa achikulire oposa 3,000 ku America, ndipo mu 2008 zinapezeka kuti sateteza ku dementia. Zimandipweteka mtima kuona banja likutayira ndalama pa mabotolo amenewa pamene magazi a mayi awo akuthamanga osayezedwa.

Alipo mankhwala atsopano awiri, ndipo ndi bwino muwadziwe kuti wina asakunamizeni. Lecanemab anavomerezedwa ku America mu 2023 ndipo donanemab mu 2024. Onse amachotsa zinthu zotchedwa amyloid zimene zimaunjikana mu ubongo wa wodwala Alzheimer, choncho amaperekedwa kwa okhawo amene zatsimikizika kuti MCI yawo ikuchokera ku Alzheimer, poyeza ndi makina ojambula ubongo kapena madzi a mumsana. Poyamba chithandizo, lecanemab amalowa kudzera m'diripi masabata awiri alionse. Atamuyesa pa anthu 1,795 kwa miyezi 18, anachedwetsa kufooka kwa ubongo ndi 27 peresenti. Kuchedwetsa chabe. Munthu sabwerera mwakale ndipo matenda saima. Mankhwalawa angatupitse ubongo kapena kuchititsa magazi kudontha mkati mwake, motero wodwala amajambulidwa ndi makina a MRI mobwerezabwereza, ndipo omwa mankhwala oletsa magazi kuundana ngati warfarin ali pa chiopsezo chachikulu. Ndi okwera mtengo kwambiri ndipo m'mayiko ambiri sapezeka. Kwa anthu ochuluka, thandizo lenileni lili kwina.

Lili m'mitsempha ya magazi. Ubongo umadya kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo kuthamanga kwa magazi, shuga, mafuta ochuluka m'magazi ndi fodya zimationonga mwakachetechete. Kafukufuku wa SPRINT MIND, wa anthu oposa 9,000, anaonetsa mu 2019 kuti amene nambala yapamwamba ya BP yawo inatsitsidwa kufika pansi pa 120 anapezeka ndi MCI mocheperako ndi 19 peresenti poyerekeza ndi amene anangoitsitsa pansi pa 140. Sikuti aliyense athamangire 120, chifukwa wachikulire wofooka angachite chizungulire n'kugwa. Mulingo wanu mugwirizane ndi dokotala. Chachikulu n'chakuti mapiritsi a BP ndi a shuga azimwedwa tsiku lililonse, ndipo apa m'pamene vuto la kuiwala limadzilowetsa: munthu amaiwala mankhwala omwe akuteteza ubongo wake. Kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi zipinda za masiku a sabata ndi alamu ya pafoni zimathetsa zambiri.

Kulimbitsa thupi ndi chinthu chimene malangizo a 2018 aja anachilimbikitsa mosabisa, kosachepera kawiri pa sabata. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwana, mpaka thupi litenthe ndi kupuma kufulumire koma mukuthabe kulankhula. Amene simunazolowere yambani ndi mphindi 10. Yendani ndi mnzanu, chifukwa kucheza nakonso ndi ntchito ya ubongo, ndipo woyenda yekha amaleka msanga. Ku Finland, kafukufuku wa FINGER anatenga anthu 1,260 a zaka 60 mpaka 77 amene anali pa chiopsezo. Theka la iwo anawathandiza kwa zaka ziwiri pa zinthu zinayi nthawi imodzi: kudya bwino, kulimbitsa thupi, kuphunzitsa ubongo ndi kuyang'anira mtima ndi mitsempha. Mu 2015 zinaoneka kuti gulu limeneli linakhoza bwino pa mayeso a ubongo kuposa linzake limene linangopatsidwa malangizo wamba.

Makutu ndi maso anthu amawaiwala. Akatswiri a Lancet Commission anatchula mu 2024 zinthu 14 zosinthika zimene zimakhudzana ndi pafupifupi 45 peresenti ya dementia padziko lonse, ndipo kusamva bwino ndi kusaona bwino zili pa mndandandawo. Munthu wosamva amatopa n'kufunsa kuti mwati chiyani, kenako amangokhala chete, n'kuyamba kupewa anthu. Kayezetseni makutu. Nthawi zina ndi litsiro chabe lotseka m'khutu, nthawi zina pamafunika kachipangizo kothandiza kumva. Magalasi akhale oyenera, ndipo ng'ala ichotsedwe.

Tsopano ndilankhule ndi inu achibale. Mukamva za MCI, chikondi chimakukankhirani kulanda ntchito zonse: amayi asaphikenso, abambo asapitenso okha kokagula zinthu, agogo angokhala. Musatero. Mwendo umene suponda pansi umaonda, ndipo ubongo uli chimodzimodzi. Asiyeni azichita zimene akutha, ngakhale zichedwe, inu muzingoima pafupi pamene pali ngozi, monga pa moto ndi pa mankhwala. Muwathandize kukhala ndi kope limodzi lolembamo zonse, osati timapepala tomwazikana, kalendala yaikulu pakhoma, ndi malo amodzi osasintha oikapo makiyi, foni ndi magalasi. Polankhula nawo, nenani chinthu chimodzi nthawi imodzi, wailesi itazimitsidwa. Lekani kuwayesa ndi mafunso akuti “Mukukumbukira amene anabwera dzulo?” kapena kuwadzudzula kuti “Ndakuuzani kale katatu.” Munthu wa MCI amadziwa kuti akuiwala, ndipo manyazi amamuchititsa kubisa vuto m'malo molinena. Akabwereza funso, yankhaninso, kenako mulembe yankholo m'kope muja.

Pali nkhani zina zolemera zimene nthawi yake yabwino ndi ino, mutu ukugwirabe ntchito. Mwiniwake anene yekha amene akufuna kuti adzamuyang'anire ndalama ndi katundu akadzalephera, amene adzalankhule ndi madokotala m'malo mwake, ndi chisamaliro chimene angachikonde. Zilembedwe motsatira malamulo a dziko limene muli, pamodzi ndi wilo. Mabanja ambiri amazengereza poopa kuti zikhala ngati akumufulumizitsa munthuyo, koma akadikira mpaka matenda atakula, mawu ake sakhalanso ndi mphamvu pa lamulo ndipo ena amamusankhira. Chenjeraninso ndi akuba a pafoni, chifukwa kulephera kuzindikira chinyengo pa ndalama kumayamba msanga. Gwirizanani kuti asatumize ndalama kwa munthu wosamudziwa asanafunse wachibale amene iye mwini wamusankha. Oyendetsa galimoto ambiri a MCI amathabe kuyendetsa, koma akayamba kusochera pa msewu wozolowera kapena kugunda zinthu kawirikawiri, nkhaniyo ifike kwa dokotala.

Bwererani kuchipatala pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngakhale zinthu zikuoneka bwino. Dokotala adzabwereza mayeso oyezera ubongo monga MoCA, amene amakhala ndi mamalikisi 30, n'kuyerekeza ndi a ulendo woyamba. Apite ndi wachibale wokhala naye nthawi zonse, atalemba zimene zasintha: kodi wayamba kulephera kulipira mabilu, kusochera, kusiya mphika pamoto, kusintha khalidwe? MCI imasintha pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi pa maola kapena masiku ochepa, akapindika pakamwa, akafooka dzanja kapena mwendo mbali imodzi, kapena mawu ake akasiya kumveka, musati ndi kuiwala kuja. Angakhale sitiroko, shuga wotsika kapena matenda a m'chikhodzodzo kapena m'mapapo, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.