Moto wofooka pa chowotchera nyama cha gasi

Nditalumikiza silinda yatsopano, chowotchera nyama changa chinayamba kutulutsa kamoto kofooka, koti nyama inkangouma osapsa. Poyamba ndinkaganiza kuti gasi ndi wochepa, koma silindayo inali yolemera ndithu.

Wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinatsegula vavu ya silinda mwaphuma, mabatani oyatsira ali otsegula kale. Mu regulator, chida cholumikiza payipi ku silinda chimene chimawongolera mphamvu ya gasi, muli kachipangizo kamene kamachepetsa gasi akamatuluka mwamphamvu modzidzimutsa, ngati kuti payipi yabooka, ndiye kanangogwira ntchito yake.

Ndinatseka zonse, n'kuchotsa regulator, n'kudikira kamphindi, kenako n'kuibwezera bwinobwino. Ndisanayatse ndinapaka madzi asopo papayipi ndi polumikizira ponse, vavu ili yotsegula pang'ono. Pakatuluka thovu ndiye kuti gasi akuthawira pamenepo. Kuyesera ndi machesi, ayi ndithu. Thovu silinaoneke.

Ndinavundukula chivundikiro, poti gasi akaunjikana mkati amatha kuphulika poyatsa, n'kutsegula vavu pang'onopang'ono, batani pambuyo pake. Moto unayaka wabuluu, wamphamvu.

Tsiku lomwelo ndinachotsanso chowotcheracho pansi pa denga la khonde n'kuchiika pabwalo, mamita 3 kuchokera kukhoma, silinda itaima chilili.