Momwe mungakonzekerere marathon yanu yoyamba

Marathon ndi makilomita 42.195. Kuti mumvetse kutalika kwake, ndi chimodzimodzi kuzungulira njira yothamangira ya pa Bingu National Stadium maulendo 105 ndi theka. Akatswiri amamaliza mtundawu m'maola awiri ndi mphindi zochepa: malemu Kelvin Kiptum wa ku Kenya anathamanga 2:00:35 ku Chicago mu 2023. Inu mukawerengere maola anayi kapena asanu muli panjira. N'chifukwa chake kukonzekera kwanu konse kukhale kozoloweza thupi kukhalitsa pamsewu. Za liwiro mudzaziona pa marathon yachiwiri.

Musanayambe chilichonse, kayezetseni BP ndi shuga kuchipatala, makamaka ngati mwapitirira zaka 40, ndinu onenepa kwambiri, kapena m'banja mwanu muli matenda a mtima. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire pothamanga, imani pomwepo, kaonaneni ndi dokotala.

Kenako mangani maziko. Ngati simungathe kuthamanga mphindi 30 osaima, yambani ndi kusinthanitsa: mphindi ziwiri kuthamanga, imodzi kuyenda, katatu pa sabata. Pitirizani choncho mpaka mutamatha makilomita 10 osavutika. Apa m'pamene mungayambe kuwerenga masabata 16 mpaka 20 opita ku tsiku la mpikisano.

Pa sabata muzithamanga masiku anayi. Atatu akhale afupiafupi, makilomita 6 mpaka 10, ndipo limodzi mwa masikuwo mupeze chitunda chokwera ndi kutsika (a ku Blantyre ndi Zomba sasowa zitunda). Tsiku lachinayi, Loweruka kapena Lamulungu, n'lothamanga mtunda wautali, ndipo ili ndiye tsiku lofunika kuposa onse. Yambirani pa makilomita 12, muziwonjezera awiri sabata iliyonse, koma sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo kuti thupi lipume. Mtunda wautali kwambiri ukhale makilomita 30 kapena 32, patatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike. Simufunika kuthamanga 42 yonse pokonzekera. Ena amatero pofuna kudzitsimikizira, n'kudzafika pa tsikulo mawondo atatha kale.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa liwiro. Munthu amadzuka m'mawa, amaona anzake akumupitirira, nayenso n'kuponda moto, ndipo pomafika sabata yachisanu msongolo wayamba kuwawa. Muyeso wake ngwosavuta: muzithamanga pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu, kumaliza chiganizo chonse osabanika. Ngati mukungotha kunena mawu awiri n'kupuma, mwafulumira. Poyamba mudzachita manyazi, ana a sukulu adzakusekani kuti abambo awa akuthamanga kapena akuyenda, koma musawamvere. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mafupa ndi mitsempha ya m'miyendo zimatenga miyezi kuti zilimbe, ndipo n'zimene zimavulala mukapupuluma. Ngakhale akatswiri a ku Kenya ndi Ethiopia, gawo lalikulu la makilomita awo a pa sabata amalithamanga mofatsa. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa kukamayera, makamaka mu October ndi November pamene dzuwa limaswa mtengo pofika 8 koloko. Pamsewu wa tala muzikhala kudzanja lamanja kuti muziona magalimoto akubwera kutsogolo kwanu, ndipo valani chovala chowala poti a minibasi ndi a kabaza sayembekezera munthu m'mphepete nthawi imeneyo. Pomwe pali njira yafumbi, isankheni. Imachitira chifundo mawondo. Amayi ndi bwino kuthamanga awiriawiri kapena pagulu.

Nsapato siziyenera kukhala za mu shopu yodula. Pa kaunjika zilipo zabwino, bola muzisankha ndi maso. Itembenuzeni muone kunsi: ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, isiyeni. Dinikizani ndi chala chachikulu mphira wa pakati, ngati wauma gwa kapena wachita makwinya ambiri, yatha ntchito ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano. Kutsogolo kutsale mpata wokwana chala chimodzi, chifukwa phazi limatupa mukathamanga nthawi yaitali ndipo zikhadabo zimada n'kuzuka. Masokosi a thonje amasunga thukuta n'kuyambitsa matuza. Pakani Vaseline m'mphechepeche ndi m'khwapa, abambo musaiwale nsonga za mabere, zimakhulika ndi malaya mpaka kutuluka magazi.

Tsopano za kudya. Mphamvu yomwe thupi limasunga m'minofu kuchokera ku nsima, mpunga ndi mbatata imatha cha pa kilomita 30. Ikatha miyendo imalemera mwadzidzidzi, mutu umayamba kukuuzani kuti mungokhala pansi. Njira yopewera ndi kudya muli panjira, pang'onopang'ono, mphindi 30 kapena 40 zilizonse, musanamve njala: theka la nthochi, masiwiti, kapena uchi womangidwa m'kapepala ka pulasitiki. Yeserani zimenezi pa masiku a mtunda wautali kuti mudziwe chomwe m'mimba mwanu mumalola. Madzi muzimwa mukamva ludzu, osagugudiza pa tebulo lililonse la madzi lomwe mupeze m'njira ya mpikisano, chifukwa madzi ochuluka kwambiri amasungunula mchere wa m'magazi ndipo zimenezi n'zoopsa. Tsiku lotentha, Thanzi amathandiza kubwezera mchere wotayika ndi thukuta.

Mukadwala malungo kapena thupi likatentha, musathamange mpaka mutachira bwinobwino. Masiku amene mwaphonyawo asiyeni apite, musawabweze powunjika makilomita sabata yotsatira.

Chapakati pa ndondomekoyi, lowani mpikisano wa makilomita 21, monga Be More Race ya ku Lilongwe, kuti muphunzire kudzigwira pakati pa chigulu. Porters Race ya pa phiri la Mulanje ndi yosangalatsa, koma miyala yake ingakuthyoleni bondo marathon ili pafupi. Isungireni chaka china.

Masabata atatu omaliza chepetsani makilomita, sabata iliyonse kuposa inzake, ndipo yomalizayo muzingothamanga pang'ono n'kumagona mokwanira. Usiku woti mawa ndi mpikisano idyani zomwe munazolowera, osati nyemba kapena zatsabola. M'mawa imwani phala kapena tiyi ndi buledi patatsala maola awiri kapena atatu. Musavale chatsopano chilichonse, ngakhale T-shirt yomwe okonza mpikisano akupatsani.

Akaliza wezulo, alekeni athamange. Makilomita 10 oyamba muwathamange mochedwerapo kuposa momwe mukufunira, ndipo ambiri mwa omwe anakusiyani mudzawapeza akuyenda pa 32. Nanunso kuyenda mphindi imodzi pa tebulo la madzi si mlandu. Mukamaliza musakhale pansi nthawi yomweyo, yendani pang'ono, idyani, ndipo mupume sabata yathunthu musanavalenso nsapato zothamangira. Ngati ofesi yanu ili pamwamba, pemphiranitu tchuthi cha Lolemba, poti masitepe adzakuvutani.